Tisanakwere ndege ya ku Egypt

Aliyense amene anafikapo mu Lusaka adziwa mseu waukulu wa pakati pa mzinda, wa Cairo Road. Dzina limeneli linacokera ku maloto a atsamunda, amene anafuna kuti njira imodzi icokere ku Cape Town ndi kukafika ku Cairo. Ambiri tayendamo mu mseu umenewu kosawerengeka, koma ndi ocepa amene anauona mzinda umene unapereka dzinalo. Ife, kagulu ka mabanja ocepa, takhala tikusonkha ndalama pang'onopang'ono kuti tikaone ndi maso athu dziko la Egypt, limene m'Malembo Oyera timaliwerenga kuti Ejipito. Pakati pathu pali aphunzitsi opuma pa nchito, amayi a malonda ndi acinyamata awiri. Ena mwa akuluakulu athu amamwa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama zimene tasonkha sizingapezekenso kaciwiri ngati ulendo utaonongeka.

Pokonzekera taona kuti pali zinthu ziwiri zimene mlendo wopita kumeneko sangazinyalanyaze. Coyamba ndi dzuwa la m'cipululu. Caciwiri ndi cikhalidwe ca eni dziko, amene ambiri mwa iwo, pafupifupi 9 mwa 10 alionse, ndi Asilamu. Cimene catikondweretsa ndi cakuti ziwirizi sizitsutsana. Zimene dzuwa lilamula ndi zimene ulemu ulamula kawirikawiri zimakhala zimodzimodzi, ndipo mphunzitsi wa zonsezi ndi mwini dziko. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Tafunsa, tawerenga, ndipo tafuna kugawana nanu, okondedwa awerengi, zimene tapeza, kuti mwina zithandize ena amene ali ndi maganizo onga athu.

Dziko la mtsinje umodzi

Egypt ali ndi anthu oposa 100 miliyoni, ciwerengero cimene anacipyola mu 2020, koma pafupifupi onse, 95 mwa 100 alionse, amakhala m'mphepete mwa mtsinje wa Nile ndi kumathiriro ake kumpoto. Kwina konseko ndi mcenga ndi miyala. Kummwera, ku Aswan, caka cingathe osaona mvula yoti inyowetse nthaka. Minda ya nzimbe ndi ya tirigu imathera pamene madzi a mtsinje athera, ndipo cipululu cimayambira pomwepo.

Ndondomeko yathu ndi ya masiku khumi. Tidzayambira ku Giza, m'mbali mwa mzinda wa Cairo, kumene kuli piramidi yaikulu ya mfumu Khufu, yomangidwa zaka pafupifupi 2,560 Kristu asanabadwe. Poyamba inali yotalika mamita 146, ndipo munalowa miyala ikuluikulu yokwana pafupifupi 2.3 miliyoni. Pafupi pake pali nyumba yatsopano yosungiramo zinthu zakale, Grand Egyptian Museum, imene inatsegulidwa mwalamulo pa 1 Novembala 2025. M'menemo ndimo muli cuma ca m'manda a mfumu Tutankhamun, zinthu zoposa 5,000. Amene ali ndi mabuku akale a maulendo acenjere, cifukwa zambiri zinasamutsidwa kucoka m'nyumba yakale ya pa bwalo la Tahrir, yotsegulidwa mu 1902. Mitembo youmikidwa ya mafumu ndi mafumukazi 22 inasamutsidwa mu Epulo 2021 kupita ku nyumba ina, National Museum of Egyptian Civilization, mu Cairo momwemo.

Kucoka ku Cairo tidzakwera sitima ya usiku kupita ku Luxor, mtunda wa makilomita oposa 600 kummwera, ulendo wa maola pafupifupi khumi. Kumeneko kuli kacisi wa Karnak, amene cipinda cake cimodzi ciri ndi nsanamira za miyala 134, ndiponso cigwa ca manda a mafumu, kumene Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun mu Novembala 1922. Tidzapitiriza pa sitima ya pamadzi mpaka ku Aswan, ndipo kucoka pamenepo tidzayenda pa basi makilomita 280 kukafika ku Abu Simbel. Akacisi a mfumu Ramesses II a kumeneko anadulidwa m'zidutswa ndi kukamangidwanso pamalo okwera pakati pa 1964 ndi 1968, kuti asamizidwe ndi madzi a damu lalikulu la Aswan.

Pali mfundo imodzi pa malo onsewa. Aejipito akale sanafune kuononga nthaka yolima, conco manda ao anawamanga kunja kwa minda, m'cipululu. Ndiko kuti zambiri zimene tikupita kukaona ziri pa mtetete, popanda mtengo wousapo.

Kusankha mwezi

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kutentha kwa masana ku Luxor ndi ku Aswan kumapitirira madigiri 40, ndipo masiku ena kumafika pa 45. Amene anakhalapo m'cigwa ca Luangwa mwezi wa Okutobala adziwa kutentha kotere, koma ku Luangwa kuli mitengo. Ku cigwa ca manda a mafumu miyala yoyera imabweza dzuwa kumaso, ndipo m'kati mwa manda mulibe mphepo. Mitengo ya mahotela imatsika m'miyezi imeneyi, ndipo ena mwa ife anakopeka nazo. Koma titaganizira za akuluakulu athu tinagwirizana kuti ndalama yopulumutsa pa hotela ikhoza kukathera ku cipatala.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Mu Disembala ndi Januwale alendo amaculuka kwambiri, mitengo imakwera, ndipo usiku kumazizira ndithu, kotero kuti juzi imafunika. Pakati pa Marichi ndi Meyi kumaomba nthawi zina mphepo yotentha ya fumbi yocokera m'cipululu, imene eni ake amati khamsin, ndipo imabvuta kwambiri anthu a mphumu. Ife tasankha Novembala. Mwezi umenewu masana kumatentha moti munthu akhoza kupirira, ndipo nthawi ya ku Egypt imakhala yofanana ndi ya kuno kwathu. M'miyezi yotentha okha ndi pamene iwo amatsogoza mawochi ao ndi ola limodzi, mwambo umene anaubwezeretsa mu 2023.

Madzi, mthunzi ndi kulawira

Ngakhale mu Novembala, dzuwa la kummwera kwa Egypt si loseweretsa. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri, conco thukuta limauma lisanaoneke pakhungu, ndipo munthu amataya madzi ambiri m'thupi iye osazindikira. Tapangana kuti aliyense azinyamula botolo lake ndi kumwa pafupipafupi asanamve ludzu. Njira yapafupi yodziwira ngati thupi liri ndi madzi okwanira ndi kuona mkodzo: ukakhala wocepa ndi wacikasu kwambiri, ndiye kuti madzi aperewera. Madzi akumwa akhale a m'botolo lotsekedwa bwino, cifukwa mimba ya mlendo sizolowera msanga madzi a pa mpope a dziko lina, ndipo kutsegula m'mimba pa malo otentha kumafooketsa munthu mofulumira. Tanyamula timapaketi ta mankhwala a mcere ndi shuga ta ku cipatala. Tikatha, muyeso wake ndi womwe amayi athu audziwa kale: timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Tonse taphunzira zizindikiro za munthu amene dzuwa lamugonjetsa. Zimayamba ndi mutu, cizungulire, nseru ndi kufooka. Wotere apite naye pa mthunzi, ammasule zobvala, amthire madzi ndi kumpatsa akumwa pang'onopang'ono. Koma akayamba kulankhula zosokonezeka, kapena kukomoka thupi liri lotentha kwambiri, imeneyo ndi ngozi ya moyo, ndipo ayenera kuziziritsidwa ndi kuthamangira naye kwa dokotala nthawi yomweyo. Amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, makamaka aja okodzetsa, tawapempha kuti akaonane ndi dokotala wao tisananyamuke. Tagawana awiriawiri kuti aliyense akhale ndi womuyang'anira, popeza munthu wamkulu kawirikawiri sanena msanga kuti watopa.

Za nthawi yoyendera taphunzira kwa eni dziko. Mlimi wa ku Luxor amalawira kumunda mbandakuca, masana amapuma, ndipo misika imadzaza dzuwa litalowa. Malo ambiri okaona kummwera amatsegulidwa m'mamawa kwambiri, ndipo mabasi a ku Abu Simbel amanyamuka ku Aswan kusanace. Ifenso tidzadzuka usikusiku, tidzaona malo amodzi kapena awiri, ndipo masana tidzakhala m'nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi bwino kuona manda atatu mwacifatse kusiyana ndi kuthamangira khumi n'kugwa panjira.

Pa za matenda ena, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza mu Okutobala 2024 kuti malungo anatha mu Egypt. Koma kusamba kapena kuponda m'madzi a Nile ndi m'ngalande zake tapangana kuti ai, cifukwa ca likodzo.

Zobvala

Munthu wosadziwa amaganiza kuti kukatentha ndi bwino kucepetsa zobvala. Mwini cipululu amacita zosiyana. Amuna a kumidzi ya ku Egypt amabvala mkanjo wautali wa thonje, wotakasuka, umene amati galabeya, ndipo ambiri amakulunga nsalu kumutu. Cobvala cotere cimachinga khungu ku dzuwa ndi kulola mphepo kuyenda m'kati. Apa ndi pamene dzuwa ndi ulemu zikumana, pakuti cobvala comwe citeteza thupi ndi comwenso cipatsa mlendo ulemu pamaso pa anthu.

Palibe lamulo la boma lokakamiza mayi wacilendo kufunda kumutu poyenda m'mseu, ndipo amayi ambiri Acikristu a kumeneko safunda. Komabe mapewa, cifuwa ndi maondo ziyenera kubisika, kwa amayi ndi abambo omwe. Kabudula wamfupi ndi malaya opanda manja ndi za ku mahotela a m'mphepete mwa nyanja. M'mizinda ndi m'midzi zimaitana maso ndi mau osayenera. Acinyamata athu anayamba anyinyirika, koma anabvomera atamva kuti khungu lopsa ndi dzuwa silisankha mtundu.

Amayi athu aona kuti cida cabwino koposa ali naco kale, ndico citenje. Cikhoza kukhala citambala polowa mu mzikiti, cofunda pamapewa dzuwa likakula, cochinga pamphuno fumbi likabuka, ndi cofunda usiku m'sitima. Taonjezapo zipewa za mlomo waukulu, magalasi a dzuwa, ndi nsapato zophwatalala zimene mapazi anazizolowera kale. Nsapato yatsopano isayambire ulendo wotere, ndipo ikhale yosabvuta kubvula, cifukwa tidzaibvula kawirikawiri.

Tsiku ndi sabata la Asilamu

Asilamu amapemphera kasanu pa tsiku, ndipo nthawi iriyonse ikakwana mau oitanira anthu ku mapemphero amamveka kucokera pa nsanja za mizikiti. Kuitana koyamba kumakhala kusanace. Mu Cairo, mzinda wa mizikiti yosawerengeka, mlendo asayembekezere kugona osakumva. Ife taganiza kuti ndiko kudzakhala belu lathu lotidzutsa. Mwini sitolo akhoza kutseka kwa kanthawi, kapena kuyala mkeka wake pakona ndi kuyamba kupemphera. Tisamdule, tisadutse kutsogolo kwake, ndiponso tisamjambule.

Tsiku lalikulu la mapemphero ndi Lacisanu masana. Maofesi a boma ndi mabanki amapuma Lacisanu ndi Loweruka, ndipo Lamulungu ndi tsiku la nchito. Wofuna kusintha ndalama ku banki akumbukire zimenezi.

Mizikiti yambiri yochuka ya mu Cairo imalandira alendo a zipembedzo zina kunja kwa nthawi ya mapemphero. Tikufuna kukaona wa Ibn Tulun, womalizidwa mu 879, wa Muhammad Ali umene uli m'linga limene Saladin anayamba kumanga mu 1176, ndi wa Al-Azhar, womangidwa pakati pa 970 ndi 972, umene ndi likulu lalikulu la maphunziro a Cisilamu. Polowa timabvula nsapato pakhomo, amayi amafunda kumutu, ndipo tonse timatsitsa mau monga ticitira m'chalichi mwathu.

Woyenda ayeneranso kuona pa kalendala mwezi wa Ramadan, pamene Asilamu amasala cakudya ndi madzi omwe kuyambira mbandakuca mpaka kulowa kwa dzuwa. Popeza amawerenga miyezi potsata mwezi wa kumwamba, Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 caka ndi caka. Mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Marichi. Pa kalendala ya 2026, Lacitatu la Phulusa ndi pa 18 Febuluwale, ndipo kuyamba kwa Ramadan ndi sabata lomwelo. Mlendo sakakamizidwa kusala, ndipo pa malo otentha asaleke kumwa madzi, koma amwe mobisika, osati pamaso pa woyendetsa galimoto amene wakhala ndi ludzu kuyambira m'mawa. M'mwezi umenewu malo okaona amatsekedwa msanga ndipo malo ena odyera satsegula masana. Koma dzuwa likalowa misewu imawala ndi nyali zokongola, ndipo anthu opeza bwino amayala matebulo a cakudya caulere kuti osauka ndi apaulendo adye. Ife amene timadziwa kusala kwa nyengo ya Lenti sitingalephere kumvetsa zimenezi.

Malonje ndi cakudya

Monga kwathu kuno, ku Egypt munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Taloweza mau ocepa a Ciarabu. Moni ndi as-salamu alaykum, kutanthauza kuti mtendere ukhale nanu, ndipo yankho lake ndi wa alaykum as-salam. Zikomo ndi shukran. Pokana wamalonda woumirira timati la, shukran, tikumwetulira ndi kupitiriza ulendo. Bambo asayambe kutambasulira dzanja mayi amene samudziwa. Adikire kuti mayiyo ayambe, apo ai aike dzanja lamanja pacifuwa ndi kuweramitsa mutu pang'ono. Mwamuna ndi mkazi, ngakhale okwatirana, sakumbatirana pagulu. Kupereka, kulandira ndi kudya ndi za dzanja lamanja, monga anatiphunzitsa agogo athu. Sitima ya pansi pa nthaka ya mu Cairo, yoyamba mu Africa, imene inatsegulidwa mu 1987, iri ndi mabogi a amayi okhaokha, ndipo abambo athu tawacenjeza kuti aziyang'ana cizindikiro asanakwere.

Nsima tidzaisowa, koma njala sitidzagona nayo. Cakudya ca tsiku ndi tsiku ndi buledi wophwatalala amene dzina lake, aish, litanthauza moyo. M'mawa amadya ful, nyemba zikuluzikulu zophikidwa usiku wonse. Koshari ndi mpunga wosakaniza ndi mphodza, makaroni, supu ya matimati ndi anyezi wokazinga, cakudya cokhutitsa ndi cochipa. Molokhia ndi ndiwo za masamba zoterera ngati thelele, ndipo tikhulupirira kuti imeneyi sidzatibvuta. Cakumwa cofiira ca karkade cimacokera ku maluwa a mbewu ya mtundu wa lumanda. Nyama ya nkhumba sipezeka wamba, ndipo mowa umagulitsidwa m'mahotela ndi m'malo ocepa ololedwa. Kumwa kapena kuledzera pamseu ndi mlandu ndiponso manyazi. Mowa umaumitsanso thupi, conco apanso dzuwa ndi mwambo zinena cimodzi. Mwini sitolo kapena mwini nyumba akatipatsa tiyi, tidzalandira, pakuti kucereza alendo ndi cinthu cimene anthu amenewa amanyadira.

Zikalata, mankhwala ndi ndalama

Pasipoti iyenera kukhala ndi miyezi yosacepera 6 isanathe mphamvu. Viza tikupempha ku ofesi ya kazembe wa Egypt mu Lusaka, ndipo tayamba msanga kuti tisathamange pa mapeto. Tonse tabayitsa katemera wa yellow fever ndipo kabuku kake kacikasu tidzakasunga pamodzi ndi pasipoti, popeza boma la Egypt limakafuna kwa ofika kucokera ku maiko ambiri a mu Africa, ndipo ndege zocokera ku Lusaka zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Katemerayu ayenera kubayidwa masiku 10 ulendo usanafike, ndipo kuyambira mu 2016 cikalata cake ndi ca moyo wonse. Talipiranso inshuwalansi ya paulendo, cifukwa cipatala ca kwa eni cimadya ndalama zambiri.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku akhale m'cikwama ca m'manja, m'mapaketi ao enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Malamulo a kumeneko ndi okhwima pa mankhwala ena opha ululu, makamaka tramadol, ndipo alendo ena anamangidwapo cifukwa conyamula mankhwala amenewa popanda zikalata. Tisabvomere kunyamulira munthu wina phukusi limene sitidziwa za m'kati mwake. Kujambula asilikali, apolisi ndi nyumba zao n'koletsedwa, ndipo munthu wamba timayamba tampempha tisanamjambule. Kumpoto kwa Sinai si malo a alendo. Mapulagi a magetsi a kumeneko ndi a timano tiwiri tozungulira, conco kolumikizira kafunika kuti mafoni asazime.

Ndalama ya dzikolo ndi paundi ya Egypt, imene inatsika mphamvu kwambiri mu Marichi 2024, kotero mitengo yolembedwa m'mabuku akale siingadaliridwe. Kuyambira mu 2023 malo ambiri akuluakulu okaona amafuna kuti tikiti ilipiridwe ndi khadi la ku banki, conco tauza mabanki athu kuti makhadi adzagwira nchito kunja. Komabe ndalama zing'onozing'ono za m'thumba zifunika tsiku lonse, cifukwa ca mwambo wa bakshish, kamphatso kopatsa wonyamula katundu, wosunga nsapato pa mzikiti kapena wosamala cimbudzi. Ambiri mwa anthu amenewa malipiro ao ndi ocepa, ndipo kamphatsoko ndi mbali ya cakudya ca ana ao. Pa msika wakale wa Khan el-Khalili mtengo woyamba si weniweni, ndipo kunenerera ndi mwambo, monga pa misika yathu. Wofuna kukwera ngamila ku Giza kapena ngolo ya kavalo ku Luxor agwirizane mtengo wonse asanakwere.

Akristu anzathu ndi Misa

Pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse mu Egypt ndi Mkristu. Ambiri ndi a mpingo wa Coptic Orthodox, umene umati unayambitsidwa ndi Marko Woyera ku Alexandria, ndipo mtsogoleri wao kuyambira mu 2012 ndi Papa Tawadros II. Kulinso Akatolika ocepa a miyambo yosiyanasiyana. Dziko limeneli ndilo linabala Antonio Woyera wa m'cipululu, kholo la amonke, ndi Atanazio Woyera. M'cigawo cakale ca Cairo muli chalichi ca Abu Serga, comangidwa pamwamba pa phanga limene mwambo umati Banja Loyera linapumulamo pothawa Herode. Pafupi pomwepo pali sunagoge wa Ben Ezra ndi mzikiti wa Amr ibn al-As, woyamba kumangidwa mu Egypt.

Popeza Lamulungu ndi tsiku la nchito, machalichi ambiri amacita mapemphero Lacisanu kuonjezera pa Lamulungu. Ife takonza ndondomeko kuti Lamulungu lidzatipeze mu Cairo, kumene ansembe a cipani ca Fransisko Woyera amatumikira pa chalichi ca Yosefe Woyera pakati pa mzinda, ndipo nthawi ya Misa tidzaifunsa tikangofika. Pa zipata za machalichi pamakhala apolisi ofufuza zikwama, cifukwa Akristu a kumeneko anakumanapo ndi ziwembu, monga mabomba a pa Lamulungu la Kanjedza mu 2017 ku Tanta ndi ku Alexandria. M'machalichi a Coptic Orthodox amuna ndi akazi amakhala mbali zosiyana. Tidzapemphera nao mwaulemu, koma sitidzapita kukalandira Ukaristia, popeza umodzi wathunthu pakati pa mipingo yathu sunafike.

Ena atifunsa ngati Mkatolika ayenera kulowa mu mzikiti. Msonkhano waukulu wa Vatican II, mu 1965, unaphunzitsa kuti Eklezia amayang'ana Asilamu mwaulemu, pakuti amapembedza Mulungu mmodzi, amalemekeza Amayi Maria, ndipo amasunga pemphero, kusala ndi zacifundo. Papa Yohane Paulo II anaceza ku Al-Azhar mu Febuluwale 2000. Papa Fransisko anafika ku Cairo mu Epulo 2017, patangopita masabata ocepa cicitikire mabomba aja, ndipo mu 2019 iye ndi mkulu wa Al-Azhar, Ahmed el-Tayeb, anasaina cikalata ca ubale wa anthu onse ku Abu Dhabi. Kubvula nsapato pakhomo la mnzathu sikucotsa kanthu pa cikhulupiriro cathu. Korona ndi mtanda wathu tidzakhala nazo, koma mikangano ya cipembedzo ndi ya ndale tidzaipewa, pakuti tikupita kukaona ndi kukaphunzira.

Mlendo ndi mame

Pa msonkhano wathu womaliza tinawerenga mndandanda wa zonyamula, ndipo tinaona kuti ndi waufupi: zikalata, mankhwala, botolo la madzi, zobvala zazitali za thonje, citenje, cipewa, nsapato zakale ndi ndalama zing'onozing'ono. Zotsalazo ndi zoti tizikumbukira: kudzuka m'mamawa, kupuma masana, kupereka moni tisanafunse njira, ndi kuyang'ana zimene eni dziko acita tisanacite zathu.

Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Masiku khumi adzatha msanga, ndipo woyendetsa basi, mayi wogulitsa buledi ndi mlonda wa pa mzikiti adzatsala ndi cithunzi ca anthu a ku Zambia cimene ife tidzawasiyira. Dziko lomweli linalandira Yosefe, Maria ndi Mwana pamene analibe kothawira, ndipo ife tikupita kwa zidzukulu za amene anawalandirawo. Tikupemphani, okondedwa awerengi, kuti mutikumbukire m'mapemphero anu, makamaka akuluakulu athu, kuti tipite ndi kubwera bwino. Mulungu akalola, tidzakufotokozerani zimene tidzaone.